Kasankhidwe ka matayala a galimoto yokoka ngolo kuno kuchigwa cha Shire

Wogulitsa matayala akafunsa kuti, "Sayizi yanji bwana?" ambiri timangoyankha kuti 14 kapena 16, n'kulipira. Sayizi imangotsimikiza kuti tayala lilowa pa limu, koma siyinena makilogalamu amene tayalalo lingasenze. Amene galimoto yake imangopita kutchalitchi ndi kumsika mwina sangapwetekedwe nazo. Inu amene mumakoleka ngolo kumbuyo kwa pikapu kapena kalole, mutapakira mapira ku Ngabu kapena mbatata ku Nsanje, n'kuuyatsa wa ku Blantyre mu Okutobala phula likuchita kunyeka, nkhaniyi ndi yanu. Injini ikhoza kukoka bwinobwino, koma katundu yense wakhala pa matayala, ndipo tayala lililonse lili ndi malire ake olembedwa m'mbali mwake.

Yambani n'kuwerenga zolembedwa pa tayala

Pukutani fumbi m'mbali mwa tayala, mugwade, muwerenge. Pa mapikapu ambiri ndi maminibasi mupeza zonga izi: 195R14C 106/104R 8PR.

Nambala ya 195 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 14 ndi kukula kwa limu m'mainchi. Chilembo C chikutanthauza kuti tayalalo analipangira galimoto zonyamula katundu. Ena m'malo mwa C amalemba LT. Tsono maso anu akhale pa 106/104. Imeneyi ndiyo load index. Si makilogalamu ayi, ndi nambala yoimira makilogalamu, ndipo tanthauzo lake ndi limodzi kaya tayalalo ndi la Bridgestone, Dunlop kapena la ku China. Zimene mungakumane nazo kawirikawiri ndi izi:

79 ndi makilogalamu 437
82 ndi 475
91 ndi 615
94 ndi 670
100 ndi 800
102 ndi 850
104 ndi 900
106 ndi 950
110 ndi 1,060
112 ndi 1,120
118 ndi 1,320
120 ndi 1,400
122 ndi 1,500

Jambulani ndi foni kuti mukhale nazo pokagula.

Nambala zikakhala ziwiri, yoyamba imagwira ntchito tayala likakhala lokha mbali yake, yachiwiri likakhala m'mapasa monga kumbuyo kwa Canter kapena Dyna. Apa anthu amalakwitsa masamu. Lole yokhala ndi 7.50R16 122/118 ili ndi matayala 4 kumbuyo, ndiye munthu amachulukitsa 1,500 ndi 4 n'kupeza 6,000. Zoona zake ndi 1,320 kuchulukitsa ndi 4, omwe ndi makilogalamu 5,280. Mapasa sagawana katundu mofanana chifukwa msewu umapendekeka, komanso pakati pawo pamasunga kutentha, n'chifukwa chake opanga amachotserako.

Chilembo chotsatira nambalazo chikunena liwiro: L ndi makilomita 120 pa ola, N ndi 140, R ndi 170, T ndi 190. Wokoka ngolo sayenera kuyandikira n'komwe liwiro lotere, choncho ichi chisakutayitseni nthawi. Pomwe 8PR ndi imene amakaniko amati 8 pulayi. Kale zinkatanthauza nsalu 8 zenizeni mkati mwa tayala. Masiku ano ndi muyeso chabe wa kulimba. Wogulitsa akakuuzani kuti "ili ndi la 8 pulayi achimwene, lolimba", muyamikeni, koma muwerengebe load index, chifukwa matayala a 8 pulayi osiyana sayizi amasenzanso mosiyana.

Onani zimene galimoto yanu imalola

Tsegulani chitseko cha dalaivala. Pa chitsulo cha m'mbali kapena pa chitseko chenichenicho pamakhala kapepala kapena kachitsulo kosonyeza sayizi ya matayala, load index yake, ndi mphepo yoyenera. Pena pamalembedwanso kulemera kumene ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo ingasenze, komanso GVM, kutanthauza kulemera konse kwa galimoto ndi katundu wake. Lamulo lake n'losavuta: musagule tayala la nambala yotsika kuposa imene yalembedwa pamenepo. Yokwera mutha kugula. Koma dziwani kuti tayala lolimba silikweza malire a ekiselo, masipuling'i ndi mabuleki. Chimene chili chofooka pa zonsezi ndicho chimalamula.

Werengerani katundu amene wakhala pa ekiselo yakumbuyo

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tiyeni tichite masamu ndi chitsanzo, inu mudzaikemo nambala zanu.

Tiyerekeze pikapu imene ikakhala yopanda kanthu ekiselo yakumbuyo imasenza makilogalamu 700. Mwapakira matumba 18 a makilogalamu 50, onse pamodzi 900. Ochuluka a iwo akhala pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, tinene 800. Tafika pa 1,500. Kenako mwakoleka ngolo yolemera 250, muli matumba 10, yonse pamodzi 750.

Ngolo yopakiridwa bwino imatsamira pa tow bar, chitsulo chokolekapo ngolo, ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, ndiye kuti makilogalamu 75. Koma tow bar ili kumbuyo kwa ekiselo, choncho imakanikiza kumbuyo uku ikunyamula kutsogolo. Pa pikapu imene ma ekiselo ake atalikirana mamita 3, tow bar n'kukhala mita 1.2 kumbuyo kwa ekiselo, makilogalamu 100 aliwonse a pa tow bar amasanduka 140 pa matayala akumbuyo, ndipo akutsogolo amapepukidwa ndi 40. Ndiye 75 uja wasanduka 105. Zonse pamodzi: 1,605.

Matayala awiri a 106 amasenza 1,900. Zikuoneka kuti zakwana. Koma kuno musamafike pa malire enieni. Ine ndimalangiza kuti muziwonjezera 15 peresenti pa katundu amene mwawerengera, chifukwa cha kutentha, maenje, ndi matumba amene salemera 50 ndendende. Thumba losokerera pamwamba, la mbatata kapena la chimanga chosauma, limapitirira. 1,605 kuwonjezera 15 peresenti ndi pafupifupi 1,850. Zakwanabe, koma mothina. Mukaima pa Nchalo n'kukweza anthu atatu pamwamba pa matumba, mwawonjezera makilogalamu ngati 200, ndipo mpata uja watha.

Tsopano taonani zimene zimachitika munthu akagula tayala la galimoto yaing'ono chifukwa chotchipa. 195/70R14 91T limalowa pa limu yomweyo ya 14, ndipo poliona kutali simungalisiyanitse kwenikweni. Limasenza 615. Awiri ndi 1,230. Ku America malamulo amanena kuti tayala lotere likaikidwa pa pikapu kapena ngolo, nambala yake igawidwe ndi 1.1, ndiye awiriwo amatsikira pafupifupi 1,120. Katundu wathu uja ndi 1,605. Mwalipitiriza ndi makilogalamu oyandikira 500 musanachoke n'komwe pa msika. Tayala lotere silikana pomwepo. Limayenda ndithu makilomita ambiri, likupsa mkati mwakachetechete, kenako n'kuphulika pamene simukuyembekezera.

Katundu wina amapusitsa maso. Madzi amalemera kilogalamu imodzi pa lita, choncho mgolo wa malita 200 ndi matumba 4, osawerengera mgolowo. Mchenga wa mumtsinje wodzaza malo a mita imodzi mlitali, mlifupi ndi msinkhu umalemera pafupifupi makilogalamu 1,500, ukanyowa umapitirira. Simenti imaoneka yochepa m'bodi koma thumba lililonse ndi 50. Thonje ndiye losiyana, limadzaza ngolo lisanalemere, vuto lake n'kutalika ndi mphepo ya m'mbali. Ng'ombe yaikulu ya mtundu wa Brahman imapitirira makilogalamu 400, ndipo siikhazikika: ikasunthira mbali imodzi pokhota, tayala la mbali imeneyo limasenza zambiri kuposa linzake. Wonyamula ziweto aziwonjezera mpata woposa 15 peresenti uja.

Ngati mungapeze sikelo ya galimoto, monga m'malo ogulira mbewu zambiri, pemphani mupimitse mutapakira ngati mmene mumapakirira masiku onse. Ikani matayala akutsogolo okha, kenako akumbuyo okha, kenako a ngolo. Kamodzi kokha n'kokwanira kuti mudziwe nambala zenizeni za galimoto yanu.

Musaiwale matayala a ngolo

Ngolo zambiri kuno n'zowotcherera kwa amisiri, ndipo zimapatsidwa ekiselo ndi matayala otsala a galimoto yaing'ono yakale. Tayala likatha pa galimoto, mwini wake amati, "Ili lipite ku ngolo." Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa tayala la ngolo likaphulika dalaivala samva msanga, ndipo ngolo ikayamba kugwedezeka imakoka galimoto yonse.

Masamu ake ndi omwewo. Ngolo ya 750 ija, tikachotsa 75 amene atsamira pa tow bar, patsala 675 pa ekiselo, tayala lililonse 338. Tayala la 155/80R13 79T limasenza 437, tikagawa ndi 1.1 ndi pafupifupi 397. Likwanira, koma pang'ono. Tsiku limene mudzaikemo matumba 20, ngolo idzalemera 1,250. Kuchotsa 125 kutsala 1,125, tayala lililonse 563. Apa 79 uja walephereratu. Mukufunika 165R13C 94/93, losenza 670, kapena 185R14C 102/100, losenza 850, ngati malimu ndi malo a pansi pa bodi alola. Sankhani potengera tsiku limene ngolo imalemera kwambiri, osati masiku wamba.

Ngolo yolemera chonchi imafunikanso mabuleki akeake. Mabuku a mapikapu ambiri, kuphatikizapo Hilux, amaika malire a makilogalamu 750 pa ngolo yopanda mabuleki. Tayala labwino silichotsa malire amenewa.

Popakira, katundu wolemera akhale pansi, pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo kwake pang'ono. Ngolo yolemera kumbuyo imapepuka pa tow bar, ndipo liwiro likangokwera imayamba kuvina uku ndi uku.

Mphepo ndiyo imasenza

Mutha kugula tayala loyenera n'kulipha nokha ndi mphepo yochepa. Pafupi ndi limu pamalembedwa timalemba ting'onoting'ono tonena kuti tayala limasenza makilogalamu akutiakuti pa mphepo yakutiyakuti. Pa 195R14C la 8 pulayi ndi makilogalamu 950 pa mphepo ya 65 psi, omwe ndi 450 kPa kapena 4.5 bar. Makilogalamuwo ndi mphepoyo zimayendera limodzi. Anyamata a pa filing'i akapopa 35 psi monga amachitira ndi galimoto zazing'ono, tayala lomwelo limangosenza makilogalamu pafupifupi 600. Mwalipira ndalama ya tayala la katundu, koma pamsewu muli ndi mphamvu ya tayala la galimoto yaing'ono.

Tayala losakhuta limapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira. Waya mukamaupinda uku ndi uku umatentha mpaka kuthyoka, n'chimodzimodzi ndi nsalu ndi mawaya a mkati mwa tayala. Onjezani dzuwa la kuno. Ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo phula limatentha kuposa pamenepo. Tayala limene ku Dedza likanapirira, kuno limasenda mano ngati khungwa.

Chitani chonchi. Gulani geji yanuyanu, chifukwa za m'malo opopera zina n'zotopa, ndipo kumenya tayala ndi sipanala sikukuuzani psi. Pimani mamawa galimoto isanayende. Matayala akumbuyo apopeni mphepo ya katundu wodzaza imene yalembedwa pa chitseko. Ngati mwasintha kuchoka pa tayala la galimoto yaing'ono kupita pa la C kapena LT, dziwani kuti latsopanolo limafuna mphepo yochulukirapo kuti lisenze katundu yemweyo, ndiye funsani wogulitsa akuonetseni tchati cha kampani yopanga. Matayala a ngolo yodzaza apopeni kufika pa nambala yolembedwa m'mbali mwawo, osapitirira. Akutsogolo musawaumitse ngati akumbuyo, tsatirani za pa chitseko, chifukwa ngolo yawapepukitsa kale ndipo akauma kwambiri chiwongolero chimachepa mphamvu.

Mukapima masana mutayenda, geji idzaonetsa 4 mpaka 6 psi kuposa mamawa. Musaphwetse. Madalaivala ambiri amatulutsa mphepo poopa kuti tayala liphulika ndi kutentha, osadziwa kuti akulichititsa kupindika kwambiri, n'kutenthanso kuposa poyamba. Ngati tayala limodzi latentha kuposa anzake moti dzanja silingakhalepo, imani pamthunzi lizizire, mufufuze ngati likutuluka mphepo, kapena ngati buleki kapena belingi yagwira.

Mavalavu wamba a labala amapirira mpaka 65 psi. Tayala la 10 pulayi, limene limafika 80 psi, limafuna valavu yachitsulo kapena yopangidwira mphepo yochuluka, ndi limu yolola mphepo imeneyo. Pa lole ya mapasa, tayala lamkati ndilo limaiwalika. Likaphwa, lakunja limasenza la awiri. Onetsetsani kuti valavu yamkati ikufikirika.

Mukatitimira mumchenga, kuphwetsako pang'ono kumathandiza kuti mutuluke. Yendani pang'onopang'ono, ndipo popaninso musanagwire phula.

Pogula

Si onse angakwanitse tayala latsopano, ndipo a kaunjika alipo ambiri. Ngati ndi kumeneko mukupita, onani zinthu izi mosapupuluma.

Fufuzani nambala 4 zimene zili m'kabwalo kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Ziwiri zoyamba ndi sabata, ziwiri zomaliza ndi chaka: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. Labala amakalamba ngakhale mano akadalipo. Makampani ena opanga galimoto amati tayala lisinthidwe likakwana zaka 6, ndipo opanga matayala ngati Michelin amati lisapitirire zaka 10 zivute zitani. Pa ngolo imene imakhala padzuwa miyezi yambiri osayenda, ine ndingatsatire zaka 6.

Pindani m'mbali ndi dzanja muone ming'alu. Lowetsani dzanja mkati mufufuze zigamba. Chigamba cha pakati pa mano n'chovomerezeka, cha m'mbali ayi. Chotupa chilichonse, ngakhale chaching'ono ngati dzira la nkhunda, ndiye kuti nsalu za mkati zaduka, lisiyeni. Pakati pa mano pali timizere topingasa totalika mamilimita 1.6. Mano akafanana nato tayala latha, ndipo wokoka ngolo m'dzinja asadikire mpaka pamenepo. Chenjerani ndi matayala osemedwanso mano ndi mpeni wamoto. Ndi a malole akuluakulu okha, olembedwa REGROOVABLE, amene amaloledwa kutero.

Galimoto zochokera ku Japan zina zimabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu, okhala ndi chizindikiro cha phiri ndi kanyenyezi ka chipale, mano ake odulidwadulidwa timizere tambirimbiri. Amaoneka atsopano ndipo amatchipa, koma labala wake ndi wofewa, pa phula la kuno amatha msanga ndipo sagwira bwino mabuleki.

Pa ekiselo imodzi ikani matayala ofanana sayizi, load index ndi mapangidwe. La nayiloni, lolembedwa 7.50-16, ndi la waya, lolembedwa 7.50R16, asakhale pa ekiselo imodzi. Mapasa akhale ofanana msinkhu, apo ayi lalitali lidzasenza zonse. Ngati malimu anu ndi a mkombero wochotseka aja okhala ndi chubu ndi fulapu, popopa kwa nthawi yoyamba musaime moyang'anizana nawo, mkomberowo ukafwanthuka umapha.

Ndalama zikachepa moti mungogula awiri atsopano, aikeni kumbuyo kwa galimoto.

Pamsewu

M1 kuchokera ku Nsanje kudutsa Bangula, Ngabu, Nchalo mpaka pa Dyeratu ndi wosalala malo ambiri, ndipo phazi limalemera lokha. Kutentha kwa tayala kumakula ndi liwiro, choncho ndi ngolo yodzaza ine sindingapitirire makilomita 80 pa ola, ndipo masana a chilimwe ndingatsike kufika 60 kapena 70. Kunyamuka m'bandakucha kumapulumutsa matayala kuposa china chilichonse.

Mukawoloka mlatho wa Kamuzu n'kufika pa Thabwa, imani musanayambe mapiri. Zungulirani galimoto, gwirani tayala lililonse ndi habu ya ngolo, onani tcheni ndi loko ya tow bar. Pokwera, katundu amatsamira kumbuyo, matayala akumbuyo amasenza zoposa zimene munawerengera pamalo osalala, ndipo apa ndi pamene mpata wa 15 peresenti uja umagwira ntchito. Potsika kuchokera ku Blantyre mutanyamula simenti, fetereza kapena malata, lowani giya yotsika, yoyendera pang'onopang'ono, mukadali pamwamba. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 pomwe Chikwawa ali pafupi ndi 100, ndipo mukatsika zonsezi mutaponda buleki, malimu amatentha n'kuwotcha tayala pamene lagwirana ndi limu, chubu ndi valavu. Mukamva fungo la mabuleki pansi pa phiri, pumulani musanapitirize.

Misewu ya ku East Bank yolowera ku Fatima ndi Muona, komanso ya kumidzi imene madzi osefukira amaikumba chaka ndi chaka, imadula matayala m'mbali. Dzenje lakuthwa likamenyedwa ndi tayala lolemedwa, nsalu zimaduka mkati, chotupa n'kudzaoneka patapita masiku. Mukabwera ulendo wotere, yenderani matayala onse ndi dzanja, mbali yamkati yomwe, muzule minga ndi miyala yopanikizika pakati pa mapasa.

Sipeya ikhale ya load index yofanana ndi anzake, yopopedwa mphepo ya kumbuyo. Ngolo ikhale ndi sipeya yakeyake ngati malimu ake ndi osiyana ndi a galimoto, ndipo yesani muli pakhomo ngati sipanala yanu ikugwira manati ake komanso ngati jeke ikulowa pansi pa ekiselo tayala litaphwa. Tengani ndi thabwa lochindikala loikira jeke, chifukwa m'mbali mwa msewu wa kuno dothi ndi lofewa ndipo jeke yosenza ngolo yodzaza imamira.